Pulinta ya Ada Thole ndi Dzina la Noel

Ada Wallace Thole ndinawadziwa ndili kamtsikana, koma kuwamvetsa ndinawamvetsa mu Febuluwale wa 2019, sabata imene akazi awo anamwalira. Ine ndine Mavis, ndimaphunzitsa pa pulayimale ina kuno ku Chintheche. Malemu Ama Bessie Nyamanda anali azakhali anga, mlongo wa bambo anga, choncho nkhaniyi sindinachite kuimva kwa munthu. Ndinali momwemo, ndipo manja anga anagwirapo.

Ada Thole anabadwa mu 1948 kufupi ndi Kande. Bambo awo anali msodzi, koma iwo bwato analiopa moyo wawo wonse, zimene kwathu kuno munthu sanena mokweza. Anaphunzira kutayipa pa sukulu ya mishoni, kenako anapita ku Kitwe monga ankachitira anzawo ambiri, nakakhala kalaliki pa mgodi wina. Anakwatira azakhali mu 1973, koma zaka zoyambirira anawasiya kumudzi akulima chinangwa, iwo n'kumabwera kamodzi pa chaka. Anabwereratu mu 1994, chaka cha mavoti chija, ali ndi masutikesi awiri, taipilaita, ndi matayi oti sitolo ikanatsegulidwa. Tayi ankavala tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Anapeza kachipinda pafupi ndi msika, kuseri kwa shopu ya a Swalehe, bambo wa ku Nkhotakota amene amagulitsa mafoni ndi kuika nyimbo m'makadi. M'kachipindamo ankatayipa makalata ofunsira ntchito, mayeso a masukulu ndi zikalata za mpingo. Koma chimene anatchuka nacho ndi mbiri za amalemu, mapepala aja amagawidwa pa maliro, olembapo kumene munthu anabadwira, kumene anabatizidwira, ana ake, ndi nyimbo zoti ziimbidwe. Dzina lililonse ankalifunsa kawiri asanalisindikize, mpaka ena ankanyansidwa nawo. Iwo ankangoti, "Munthu amaikidwa kamodzi. Mukamulakwitsa tsiku limenelo, palibenso tsiku lina lokonzera."

Mu 2003 anagula kompyuta ndi pulinta. Pulintayo inali yotuwa, yolemera ngati thumba la chimanga. Tsiku imene inatsika pa minibasi, azakhali anakana kuti ikwere wilibala, anaisenza okha pamutu kuchokera pa siteji mpaka m'kachipinda muja. Inagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu osadandaula. Ndiye mu Novembala wa 2018 mphenzi ya mvula yoyamba inapsereza kompyuta. Vanessa, mwana wawo wotsiriza amene ali ku Joni, anatumiza laputopu yatsopano, yopyapyala ngati kope. Laputopuyo ndi pulinta sizinamvane. Ada anayesa masiku awiri, zinakanika, ndipo sabata yomweyo azakhali anagona m'chipatala. Kachipinda kanatsekedwa.

Tsopano pali chinthu chimene muyenera kudziwa. Aliyense ku Chintheche ankadziwa kuti a Thole ali ndi ana anayi: Griffin, Aleck, Bryson ndi Vanessa. Koma Griffin asanabadwe, mu Disembala wa 1974, azakhali anabereka mwana wamwamuna amene anakhala masiku atatu okha. Mwana womwalira asanatuluke m'chikuta amatchedwa mtayo. Amakamuika amayi okhaokha, popanda kulira, popanda nyimbo, ndipo sawerengedwa. Ada Thole anali ku Kitwe, anangolandira kalata ya mizere iwiri. Mwanayo sanamuone.

Azakhali atazindikira kuti m'chipatala muja satulukamo oyenda, anawauza amuna awo kuti abweretse laputopu. Mbiri yawo anainena okha, Ada akutayipa pambali pa bedi. Atafika pa ana anati, "Lembani asanu. Woyamba ndi Noel. Ndinamutcha ndekha mumtima, ndipo zaka makumi anayi ndi zinayi palibe ananditchulirapo. Musindikize nokha, pa makina athu, kuti munthu asafufute." Ada analonjeza.

Azakhali anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo abale anagwirizana zoika Lachinayi. Wotsogolera zonse anali bambo anga, a Ackson Manda, poti ndiwo wamkulu wa kubanja la malemu. Bambo anga ndimawakonda, koma mutu wawo ndi wouma, ndipo wanga ndinatengera konko. Ada Thole atawauza za Noel, anakana pomwepo. Sanakane mwankhanza ayi. Anati, "Alamu, mtayo satchulidwa. Amayi amene adzakhale m'tchalitchi muja, theka la iwo ali ndi wawo amene anataya. Mukatchula mmodzi mwadzutsa onse." Madzulo omwewo analemba mbiri yawo pamanja, ya ana anayi, nakaipereka kwa a Peterson, mkulu wa mpingo amene amawerenga mbiri za amalemu m'tchalitchi.

Mwini maliro sachoka pa siwa ndipo sagwira ntchito. Amakhala pansi, anthu n'kumabwera kudzamupepesa. Ndiye Lachitatu m'mawa Ada anandikodola, nandipatsa kiyi ndi laputopu pansi pa jekete ngati tikuba.

"Mavis, iwe zimenezi unaphunzira. Makope mazana awiri. Mawa isanakwane naini."

"Ada, bwanji ndingokwera minibasi ndikasindikizire ku Nkhata Bay? Masana ano ndabwerako."

"Anati pa makina athu."

"Pepala ndi pepala, Ada."

Anandikankhira kiyi uja pafupi. Ndinapsa mtima, sindibisa, poti ndinkaona kuti akundipatsa ntchito yovuta pamene yophweka ilipo, komanso akundiika pakati pa iwo ndi bambo anga. Koma munthu amene mkazi wake wagona m'nyumba sukangana naye. Ndinatenga kiyi uja.

M'kachipinda munali fungo la chinyezi, nkhungu itamera pa mpando. Ndinavundukula nsalu imene inali pa pulinta, ndinalumikiza chingwe, ndinayatsa. Pulinta inalira bwinobwino, kagetsi kobiriwira kanayaka. Laputopu nayo inalira kuti yamva kanthu, koma inalemba kuti chipangizochi sikuchidziwa. Vuto linali dilaiva, kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa kompyuta ndi pulinta. Sisitimu ya mu laputopu inali ya masiku ano, pulinta inali ya kale, ndipo womasulira panalibe.

Ndinagula bandulo, ndinalumikiza foni ku laputopu, ndinayamba kusaka pa intaneti. Kunja kunali mvula yowaza, netiweki ikukwawa. Patatha ola ndinapeza tsamba la pulinta yamtundu umenewo. Madilaiva analipo, koma onse a masisitimu akale amene ngakhale kusukulu kwathu tinawasiya. Wa laputopu yathu panalibe. Ndinatukwana pang'ono, Mulungu andikhululukire, m'sabata ya maliro.

Ndinatsegula madilowa. Ada Thole sataya kanthu. Pansi pa makaboni a taipilaita ndinapeza envulopu yolembedwa ndi dzanja lawo lokongola lija, m'kati muli sidi imene inabwera ndi pulinta mu 2003. Ndinasangalala kwa mphindi imodzi yokha. Ndinatembenuza laputopu uku ndi uku, polowetsa sidi panalibe.

Ndinapita nayo kwa a Swalehe. Iwo ali ndi chikompyuta chakale chimene amaikira nyimbo, ndipo chili ndi polowetsa sidi. Sanandifunse zambiri. Anati, "Za amayi aja? Ankandipatsa moni ndisanadziwe ngakhale liwu limodzi la Chitonga." Anakopera zonse pa fulashi, nasiya shopu yawo, nabwera nane kuseri.

Tinatsegula pulogalamu ija pa laputopu. Inakana, ati sinapangidwire sisitimu imeneyi. A Swalehe anati, "Inamizeni. Pali pena pamene mumaiuza kuti iziyesa ili pa kompyuta yakale." Anandilozera, ndinasankha, ndipo ulendo uno inalowa mpaka kumapeto. Ndinatumiza tsamba loyesera. Pulinta inakoka pepala, mtima wanga unakhala pansi. Koma chimene chinatuluka si Chichewa, si Chitonga, si Chingerezi. Zinali tizizindikiro, timitima ndi timabokosi, mzere umodzi pamwamba pa pepala, kenako pepala lina, kenako lina. Inalavula mapepala asanu ndi awiri ndisanazule chingwe kukhoma.

Apa nthawi inali itadutsa thwelofu. Ndinakhala pa mpando wankhungu uja ndi kulira, osati chifukwa cha makina okha. Kuyambira Lachiwiri ndinali ndisanapeze mpata wolira azakhali anga.

A Swalehe anadikira kuti ndimalize. Kenako anati, "Mapulinta ali ndi mabanja. Iyi mwina laputopu sikuidziwa, koma mng'ono wake ikhoza kumudziwa." Tinachotsa dilaiva wa pa sidi uja. Tinalowa pamene munthu amawonjezera pulinta pamanja, pali mndandanda wautali wa mayina. Dzina la yathu panalibe, koma panali ina ya kampani yomweyo, nambala yake yokulirapo pang'ono. Tinayesa, sinayankhe. Tinayesa yachiwiri pansi pake. Pulinta inakhosomola, inakoka pepala, ndipo tsamba linatuluka loyera, zilembo zili m'malo mwake. A Swalehe anangogwedeza mutu nabwerera ku shopu.

Ndinatsegula mbiri ya azakhali ndi kutumiza makope makumi awiri oyamba. Pepala loyamba linakodwa m'kati. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo, ndinalisolola litakwinyika. Pepala lachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachitatu inakoka anayi nthawi imodzi. Ndinapukuta timatayala ta m'kati ndi nsalu, ndinapemerera, ndinaimenya pambali ngati wailesi. Palibe chinasintha. Chovuta chenicheni ndinali nditachigonjetsa, ndiye ndigwe ndi pepala? Ndinakhoma chitseko ndi kuyenda wapansi kupita ku siwa.

Amuna anali atakhala panja pansi pa tenti, amayi a mvano akuimba m'nyumba. Mkazi sapita pakati pa amuna pa maliro popanda chifukwa, ndipo maso onse anali pa ine, makamaka a bambo anga. Ndinagwada pafupi ndi Ada Thole ndi kunong'ona kuti makina ayankha koma akutafuna mapepala.

"Mapepalawo unawasita?"

"Kuwatani?"

"Akhala miyezi itatu m'chinyezi cha kunyanja kuno. Anamwa madzi. Simbi ili pansi pa tebulo."

Ndinati andiuze mmene amachitira, ndikachita ndekha. Anayamba kufotokoza, za kutentha kwake, za nsalu, za mmene amawapindira asanawaike, kenako analeka pakati. Anayang'ana dzuwa. Anaimirira, anavala jekete, nayamba kuyenda kulowera ku msewu. Wina anati, "Ada, mukupita kuti?" Sanacheuke. Nyimbo m'nyumba inapitirira. Mwamuna wa malemu, mtembo uli m'nyumba, akuyenda m'mbali mwa msewu waukulu masanasana kupita ku ntchito. Anthu pa msika anasiya kugulitsa usipa n'kumamuyang'ana. Ine ndinkatsatira m'mbuyo, manyazi atandigwira mpaka m'mapazi.

A Swalehe anatipatsa makala amoto a pa mbaula yawo ya tiyi. Ada anawaika m'simbi, anayala nsalu yoyera pa tebulo, anawerenga mapepala khumi, anawaphimba ndi nsalu ina, nayamba kusita pang'onopang'ono ngati malaya a Lamulungu. Nthunzi yochepa inkatuluka m'mbali. Akatero ankawanyamula, kuwapinda uku ndi uku kuti alekane, kuwagogoda pa tebulo, n'kuwaika mu pulinta akadali ofunda. Khumi basi, osaonjezera. Anati kuyambira 2003 dzinja lililonse ankachita zimenezi, ndipo nthawi zambiri wosita anali azakhali.

Ndinatumiza. Pepala linalowa, linatuluka. Kenako lachiwiri, lachitatu, mpaka khumi. Ada anatenga loyamba, anavala magalasi, naliwerenga lonse kuchokera pamwamba, milomo ikuyenda. Atafika pakati anaima nthawi yaitali.

Bambo anga anatipeza tili pa makope makumi asanu ndi limodzi. Anaima pakhomo, thukuta lili kamukamu, atayenda mofulumira kuposa msinkhu wawo.

"Alamu, mwatichititsa manyazi. Anthu achokera ku Usisya, ku Mzuzu, akufuna kukupepesani, apeza mpando."

"Ndibwera. Patsala pang'ono."

Bambo anatola pepala limodzi pa mulu. Anawerenga. Pa mzere wa ana panalembedwa kuti: Mulungu anawapatsa ana asanu. Noel, amene anakhala masiku atatu mu Disembala wa 1974, Griffin, Aleck, Bryson ndi Vanessa.

"Ndinakuuzani kuti ayi."

"Munandiuza. Koma mlongo wanu ndiye anayamba kundiuza."

"Ndipo iwe Mavis, ndiwe ukuthandiza zimenezi?"

"Ndine, bambo."

Ndinayembekezera kuti akalipa. Sanakalipe. Anati, "A Peterson adzawerenga zimene ndinalemba ine. Mapepala anuwa ine sindigawa, ndipo sindiletsa." Analibweza pepala lija pa mulu, natuluka. Ada anawerenga mapepala ena khumi ndi kupitiriza kusita. Tinamaliza cha m'ma faivi, ndipo anabwerera pa mpando wawo pansi pa tenti. Usiku wonse palibe anawalankhulapo za nkhaniyi.

Lachinayi m'mawa ndinaima pakhomo la tchalitchi ndi kugawa ndekha. Onse mazana awiri anatha, ena ankaonera limodzi awiriawiri. Itafika nthawi ya mbiri, a Peterson anaimirira ndi pepala la bambo anga. Anawerenga za kubadwa, za ubatizo, za ukwati, za zaka makumi atatu za mu mvano. Kenako anati, "Malemu asiya ana anayi," nawatchula. Sanalakwitse kanthu, poti anayi ndiwo anasiyidwadi. Koma ine mtima unandiwawa kwambiri. Tinavutika tsiku lonse, mwamuna wachikulire anadzichotsera ulemu pamsewu, ndipo dzina lija silinamveke m'tchalitchi. Ndinayang'ana kumbali ya amayi. Ambiri anali atawerama pa mapepala awo, ndipo ena amene sanalire pa nyimbo ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Zimene bambo anga ananena zinali zoona, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati tinawachitira bwino amayi amenewo.

Titabwerako ku manda, anthu akusamba m'manja, Ada Thole anakhala pa khonde okha. Ine ndinali chapafupi ndikutolera makapu. Ndinaona Ama Nyachiumia akubwera ndi ndodo yawo. Ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wa m'mudzi wa azakhali, ndipo kuwerenga sadziwa. Pepala anali atalipinda kanayi m'dzanja. Anakhala pansi movutikira, pafupi ndi mapazi a Ada.

"Andiwerengera," anatero. "Ati Noel."

"Eya, ama."

"Sindinkadziwa kuti anali ndi dzina. Ndine ndinamunyamula. Tinali amayi anayi, enawo anapita onse. Anali ndi tsitsi lambiri, ndi mphumi yanu yomweyi."

Ada anagwira mphumi yawo. Ama Nyachiumia anapitiriza.

"Malo ndikuwakumbuka. Ndi kumtunda kwa dambo limene timaviika chinangwa, pali chulu."

"Amuna sapitako, ama."

"Sapitako. Koma ine ndakalamba, maso anafooka. Loweruka m'mawa ndikukazula chinangwa kumeneko, ndipo amene akunditsatira m'mbuyo sindingamuone."

Loweruka ndinawaona akudutsa kuseri kwa sukulu yathu, gogo patsogolo ndi ndodo, Ada Thole m'mbuyo patali pang'ono. Gogoyo anabwerera yekha patangopita nthawi yochepa, opanda chinangwa. Ada anabwerako masana, mawondo a thalauza ali matope.